Kabokosi Kodikira Tiyi

Achemwali anga anthu amawatchula kuti a Mapini, ndipo dzinalo salikana. Atha zaka makumi atatu akukonza makompyuta akalekale m'kachipinda ka kuseri kwa shopu ya nsapato. Makabati awo anadzaza zingwe zokhazokha. Ukawabweretsera makina, sathamangira kumasula ayi. Amavala magalasi, n'kutenga chingwe, n'kuyamba kuwerenga mapini a kumutu kwake limodzilimodzi. Pakamwa pawo m'pakuthwa, koma ine ndimawanyadira, sindibisa.

Lachitatu lina ndili komweko kunabwera telala wachikulire atasenza katoni. Munali kompyuta ndi kabokosi kowerengera madisiki, kolumikiza ndi chingwe. Anati zinali za malemu akazi awo. Mayiwo asanamwalire analemba kalata yoti mwana wawo wamkazi adzawerenge pa tsiku la ukwati wake, n'kuisunga pa disiki. Ukwatiwo unali Loweruka lomwelo, koma kompyuta inkangolemba kuti kabokosiko sikukaona. Mashopu atatu anali atawauza kale kuti akataye kudzala.

Achemwali atamva za mashopuwo anangotsonya. Anawerenga mapini, onse analipo, lopindika panalibe. Anawapukuta ndi sipiriti, n'kuyatsa kabokosi kaye, kompyuta pambuyo, monga mmene makina akalewa amafunira. Uthenga womwewo. Anasintha chingwe, anayesanso chachitatu, osatheka. Ine ndinali ndisanawaonepo atagwira njakata chonchi. Telala uja anali atavula chipewa, akungochipotokola m'manja.

Kenako achemwali anasiya makinawo n'kutembenukira mwini wake.

"Bambo, mayi ankayatsa bwanji? Mundiuze zonse, ngakhale zooneka zopanda pake."

Telalayo anaseka mwamanyazi. Anati mayiwo anali ndi kamwambo kawo: ankadina kabokosi, n'kupita kukatereka madzi a tiyi, ndipo kompyuta ankaiyatsa akabwera ndi kapu m'manja. Bambowo anakhala akuwaseka zaka zonsezo, kuwafunsa ngati makina nawonso amamwa tiyi.

Achemwali sanaseke nawo. Anafotokoza kuti zam'kati mwa kabokosiko zinatopa kalekale, zimafuna zitenthe kaye kuti zigwire moto bwinobwino. Ukafulumira, kompyuta imaitana, kabokosi kali m'tulo. Atatero anazimitsa zonse, anadina kabokosi kokha, n'kundituma kuti nditereke ketulo.

Sindinaonepo madzi ochedwa kuwira ngati amenewo. Atawira, achemwali anathira tiyi, n'kupatsa telalayo kapu, n'kuwalozera batani kuti adine okha. Kabokosi kanalira kuti krr, krr, kagetsi kofiira kakuphethira, ndipo pa sikirini panatuluka mndandanda wa zolemba. Pamwamba penipeni panali mawu akuti "Kwa mwana wanga".

Telala sanafune kuiwerenga kalatayo. Anati si yawo. Pamene pulinta inkaisindikiza, iwo anayang'ana kukhoma, ndipo achemwali anapinda pepalalo chafufumimba n'kuliika mu envulopu.

"Ndiye kuti ankadziwa," anatero bambowo chapansipansi. "Ine n'kumangomuseka."

Achemwali amene ndimawadziwa ine sayamikira munthu, ngakhale ineyo mng'ono wawo. Koma tsiku limenelo anadula kapepala, n'kulembapo kuti "Yatsani kabokosi, terekani tiyi", n'kukamata pamwamba pa makinawo.

"Ine sindinakonze kanthu, bambo," anatero. "Anakonza ndi mayi. Mukamuuze mwanayo kuti mayi ake anali mmisiri mnzanga."