Zimene Mayi Zipi Amakachita Padenga

Mumsewu wathu, kuyambira kwa wometa mpaka kwa wogulitsa matayala akale, nkhani inali imodzi: ati Mayi Zipi apeza chibwenzi padenga. Ati dzuwa likangokwera, mayi wamkulu ngati ameneyo amatseka shopu, n'kukwera makwerero akuseri kukakumana ndi pulambala wokonza thanki ya madzi. Wometa ankachita kulumbira kuti anawaona atapinda siketi mpaka m'maondo. Wometayu ndi wabodza wodziwika, koma za maondozo sananame.

Mayi Zipi ndi telala. Dzinali linabwera chifukwa zipi yoika iwo, buluku limatha lonse iyo ikadali gwa. Kachipinda kawo kali kuseri kwa sitolo ya utoto. Kwa zaka zambiri ankalowa m'mamawa n'kutuluka madzulo, moti za dzuwa ankangomva kwa makasitomala.

Kenako miyendo inayamba kuphwanya. Chopondera cha makina chinalemera ngati akukankha lole.

"Amayi, makinawa tingogulitsa," anatero mwana wawo wamwamuna. "Muzipuma kunyumba."

Kupuma kunyumba? Tsiku lonse kuyang'anizana ndi amuna awo, munthu wokangana ndi wailesi? Mayi Zipi anathamangira kuchipatala, ngati kutsimphina kuja tingakutche kuthamanga.

Atawayeza magazi, namwino anati vitamini D wachepa m'thupi, ndipo angamupeze m'zakudya, m'mapiritsi ndi padzuwa.

Anayamba ndi zakudya. Bambo akunyumba anadzipereka: mazira, chiwindi, nsomba zamafuta, ankaphika okha n'kubweretsa kushopu. Koma kuchokera kunyumba kufika kumeneko ndi kamtunda, ndipo bambowo ndi munthu wokonda kulawa mchere. Mbale inkafika muli mutu ndi minga.

"Bambo, nsombayi inabadwa yopanda thupi?"

"Inafota pamoto, mayi."

Posakhalitsa bambowo anabweretsa buluku lawo kuti awakulitsire m'chiuno.

Mapiritsi nawo anali ndi tsoka lawo. Botolo litasweka, Mayi Zipi anawakhuthulira m'chitini cha mabatani, poti chilichonse chaching'ono kwa iwo chimapita m'menemo. Tsiku lina anapezeka akufunafuna bowo pa piritsi, singano ili m'manja. Kumene kunapita batani la shati la mphunzitsi wina, musandifunse.

Linatsala dzuwa. Anakokera makina pafupi ndi kazenera, n'kumasoka kuwala kukuwamenya kudzera pagalasi, thukuta lili kamukamu, akudzitama kuti achenjera. Namwino atamva anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Mayi anga, galasi limatchinga cheza chimene tikufunacho. Mwangodziphika chabe. Dzuwa likhudze khungu, pang'ono pokha, osati mpaka kupsa. Ndipo mapiritsi atsopanowa muzimwa, muwaike kutali ndi mabatani."

Tsono mumsewu wathu dzuwa ulipeza pati? Nyumba zazitali mbali zonse, pansi pali mthunzi ndi utsi wa magalimoto. Mayi Zipi anayang'ana makwerero aja, nawo anawayang'ana. Tsiku loyamba anakwera chokwawa, akutukwana sitepe iliyonse. Pamwamba anapeza ndowa, n'kuigadabuza, n'kukhalapo, manja ndi misongolo zili pamtetete, akupinda mipendero ya madiresi. Pulambala anabwerako kamodzi kokha, ndipo anatsika atauzidwa kuti thumba la buluku lake lasokedwa ngati la mbatata.

Pang'onopang'ono chopondera chinayamba kupepuka. Kaya ndi dzuwa, kaya mapiritsi, kaya nsomba zimene tsopano ankakadyera pafupi ndi mphika, iwo sanafune kufufuza. Mwana uja atabwera ndi munthu wodzagula makina, anapeza makinawo akulira tatatata ngati matalala padenga.

"Mwabwera kudzayezetsa suti, achimwene?" anafunsa Mayi Zipi, phazi osaima. Munthuyo anachoka atayezedwa.

Nkhani ya chibwenzi inawapeza mochedwa. Anabwera nayo ndi wometa yemwe uja, akunamizira kudzasoketsa epuloni.

"Anthutu akuyankhula, mayi. Ati padengapo pali mwamuna."

Mayi Zipi analuma ulusi, n'kuulavulira pambali.

"Mwamuna wachiyani? Mmodzi yemweyo anandidyera nsomba zonse. Ine ndimakaothera dzuwa. Ndipo inu mukwereko, achimwene, miyendo yanuyo ikuoneka ngati ya mpando."