Kope Langa la Pamzere wa Mafuta

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka Lolemba lina m'nyengo yachisanu, chaka chija mafuta anasowa mpaka maminibasi anaima. Kalata yachiwiri ndinalemba mvula itayamba. Makope ake ndili nawo, odindidwa chidindo cha ofesi imene inalandira.

Mayi akunyumba amafunika kuchipatala chachikulu Lachinayi lililonse chifukwa cha impso, ndipo ife timakhala ku Chirimba. Sabata ina chaka chimenecho galimoto yanga inakhala masiku atatu pamzere wa mafuta ku Limbe. Mwambo wa pamzere unali wakuti ukachokapo, malo ako amasunga ndi mwala kapena tayala lakutha. Ine, poti ndinakalambira pa ukalaliki, ndinaona kuti si dongosolo limenelo. Ndinatenga kope n'kulemba manambala a galimoto zonse monga zinafikira. Aliyense anasaina, ngakhale mmwenye wa sitolo ya nsalu amene anali kumbuyo kwanga.

Thanki itafika, galimoto zinalowera mbali zonse. Ine m'malo moliza injini ndinapita wapansi kwa wothira mafuta, kope m'manja.

"Achimwene, ine ndi wachisanu ndi chitatu. Taonani apa."

"Madala, pampu siwerenga kope. Galimoto ili kuti?"

Inali itatsekeredwa kale. Mafuta anatha ndikuona. Lachinayi limenelo mayi anakwera kabaza, miyendo ili yotupa.

Kuyambira pamenepo ndimadula nkhani iliyonse ya m'nyuzipepala yonena za paipi ya mafuta. Ena analonjeza yochokera ku Beira kudzafika ku Nsanje, ena ankanena za ku Nacala. Anzathu a ku Zimbabwe amapopa kuchokera ku Beira komweko, a ku Zambia kuchokera ku Dar es Salaam. Ife timadikira mathanki a pamsewu, ndiye m'dziko la eni kukangovuta, kapena atsogoleri akangoyambana, amayenda pansi ndi wa ku Chirimba.

Mwana wathu wa ku Naperi akuti tisamukire kwake, kufupi ndi chipatala. Ndiye kuti ndisiye nyumba imene ndinaumba ndekha njerwa zake. Ndakhala ndikumuuza kuti adikire kaye yankho la makalata anga aja, koma mzere wayambanso, ndipo ndatopa.

Choncho ndikupempha mwaulemu ofesi yoona za mafuta kuti indiyankhe polemba kalata yosainidwa: paipiyo idzamangidwa kapena ayi? Ngati ndi ayi, nenani, ndiyambe kulongedza katundu.