Mutu wa Achimwene Kummawa

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati munthu amene wangotsamira khoma tingati anagona. Azimayi a kwaya pa maliro a achimwene anali atatopa, nyimbo zikutuluka motsitsa. Kuseri ena ankasonkha moto pa nkhuni zonyowa. Mtima wanga sunali m'malo.

Achimwene analowa Chisilamu ali mphunzitsi ku boma la Lundazi, ndipo m'banja lathu lonse anali okha. Atapuma ntchito, a kunyumba yosungira zinthu zakale anawapatsa bokosi loti azizungulira nalo m'masukulu. Munali mkeka wopempherera, matabwa a zilembo za Chiarabu, timatailosi ta maluwa, ndi kampasi yolozera kumpoto. Ankalimanga panjinga mpaka ku Chikomeni. Ine ndinkawaseka kuti akugulitsa salaula, zovala zakale zija. Koma akudwala anandigwira dzanja nati ndiwaike mwa Chisilamu, ndipo ndinavomera osafunsa kuti zimatani.

Asilamu anzawo anasambitsa thupi dzulo lake, nalikulunga mu sanda, kenako anabwerera ku boma kukatenga shehe ndi jeneza yonyamulira maliro. Usiku mvula inagwa yambiri. Kutacha tinamva kuti lole yawo yaima patsidya pa mtsinje wosefukira. Foni sinkagwira.

Anthu anayamba kufika, ena panjinga, ena wapansi, matope mpaka m'maondo. Ndinapita kumanda. Adzukulu anali atakumba kale monga tichitira, kumutu kumadzulo, dzenje lotakata la bokosi la maliro. Ndinkadziwa kuti Msilamu amagonekedwa m'kachipinda ka m'mbali mwa dzenje, koma mbali iti? Amalume anati, “Iwe, mvula ibwelanso iyi. Tiike chabe mwa mwambo wa ise, Chiuta ni yumoza.” Adzukulu anatsamira makasu kundiyang'ana. Ndinachita mantha, ndi manyazi omwe. Zaka zonsezo bokosi la achimwene lija linkagona m'nyumba mwathu, ine osalitsegulapo.

Pobwerera ndinapeza ana a sukulu ina imene achimwene ankapitako ndi bokosi atafika ndi aphunzitsi awo, atakhala pansi pa mtengo wa mango, mayunifomu atanyowa. Ndinawadandaulira aphunzitsiwo. Iwo anangotembenuka nafunsa anawo kuti Maka, mzinda woyera wa Asilamu, uli kuti. Manja onse anakwera pamodzi, kuloza kumpoto, kupendekera pang'ono kotulukira dzuwa. Mtsikana wina wamkulupo anati, “Agogo a bokosi aja anatiuza ati munthu amagona pa dzanja la manja, nkhope ku Maka.” Anali ana a matchalitchi athu omwewa.

Tinatsegula bokosi, ndipo kampasi inagwirizana nawo. Adzukulu anang'ung'udza, koma anakumba kachipindako kumpoto, mutu ukhale kummawa. Amalume sanandilankhulenso.

Lole inafika dzuwa litapendeka, mitambo itadanso. Tinanyamula jeneza mosinthana mapewa, popanda nyimbo, azimayi atatsala pakhomo. Mwakachetechete chonchi sindinaperekezepo maliro. Shehe anasuzumira m'dzenje nthawi yaitali. Kenako anagwedeza mutu movomereza nafunsa kuti wationetsa ndani. Ndinati achimwene omwewo. Madontho oyamba anatipeza tikukwirira.

Madzulo nyumba inali zii. Bokosi linali pakona, njinga itatsamira khoma, chingwe chomangira chikulendewera. Ndinakhala pansi n'kumaganiza za mzere wathu wa manda, onse mitu kumadzulo, iwo okha kummawa, ndipo zinandiwawa kuti tawapatula. Kenako ndinakumbukira amene agona kumpoto kwa manda awo. Achimwene ayang'ana ku Maka, koma oyamba kuwaona panjirayo ndi amayi.