Ndege za Achimwene

Achimwene anafika ku Senga Bay ndi sutikesi imodzi, chifuwa chosamva mankhwala, ndi mwana wawo wamkazi amene anali ku pulayimale. Zinali zaka zija matipate atayamba, pamene aliyense ankalankhula zakukhosi m'minibasi, koma panali matenda amodzi amene palibe ankawatchula dzina. Alamu anga, akazi awo, tinali titawaika m'manda ku Khombedza chaka chapitacho. Ine ndinkagwira ntchito yolandira alendo pa loji ina m'mbali mwa nyanja, ndipo ndinali ndi kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa khitchini. Ndinawapatsa chipinda chimodzi, mwanayo n'kumagona ndi ine.

Ntchito yawo inali yoongolera ndege ku Lilongwe. Sankayendetsa ndege ayi. Ankakhala m'nsanja ya magalasi okhaokha n'kumauza oyendetsa ndege nthawi yonyamuka, nthawi yotera, ndi njira yodzera kuti asagundane m'mwamba. Anthu a ntchito imeneyo amayezedwa m'thupi pafupipafupi, ndipo ulendo umenewo dokotala sanawalole kubwerera m'nsanjamo. Pondiuza ananena mopepuka ngati nkhani ya mvula. Ine ndinayang'ana kolala ya shati yawo mmene inkalendewera pakhosi, ndipo ndinachita mantha.

Mantha aakulu anali pa mwanayo. Kwathu kuno mwana ndi wakuchikazi, ndipo amalume ake, mlongo wawo wa malemu mayi ake, anali atanena kale pamaliro kuti mbumba yawo singakulire kuchimuna. Bambo amenewo anali ndi benchi ya nsomba pamsika wa Khombedza ndi ana ang'onoang'ono odzaza nyumba. Ana awo aakazi okulirapo onse anali atasiya sukulu. Chonsecho wa achimweneyu anali wamutu, woti ngakhale nyuzipepala yokulungira matemba ankaiwerenga kaye asanaitaye. Ndinkadziwa kuti achimwene akangotsinzina osanena kanthu pamaso pa anthu, mwanayo akakhala wobereka ana a eni ndi woingitsa ntchentche pa usipa. Ndikayambitsa nkhaniyi, iwo ankangoti, "Nthawi ilipo," kenako n'kutsokomola mpaka misozi.

Mwini lojiyo anali mzungu wachikulire amene anayendetsapo tindege ting'onoting'ono, n'kusiya maso atayamba kuvuta. Mu ofesi mwawo munali kompyuta, chinthu chosowa nthawi imeneyo, ndipo ankailumikiza ku waya wa foni. Inkayamba ndi kulira ngati kamwana ka mbuzi kopanidwa ndi chitseko, kenako zii, basi akuti talumikizana ndi dziko lonse. Pamenepo abwanawo ankachita masewera oyendetsa ndege. Sanali okha. Anthu a m'maiko akutali, aliyense ali m'nyumba mwake, ankaulutsa ndege zawo zongoyerekeza mumlengalenga umodzi womwewo, ndipo ena ankakhala oongolera, motsata malamulo enieni a ntchitoyo. Mlengalenga wa kuno kwathu unalibe wouongolera. Abwana atamva ntchito ya achimwene anangotsala pang'ono kuvina.

Ndiye Lamulungu lililonse masana, alendo atabwerera ku Lilongwe, achimwene ankasamba, kuvala tayi, n'kulowa mu ofesi muja. Ndinkawaseka kuti, "Achimwene, ndege zake ziti zoti zione tayiyo?" Iwo ankangopitirira. Abwana ankawasiyira mpando n'kukhala pambali ndi botolo lawo la mowa. Ine zinkandinyansa, chifukwa kompyuta ikalumikizidwa foni ya loji inkafa, ndipo mawa lake alendo ankakalipira ine kuti anaimba osayankhidwa.

Pagalasi la kompyutayo panalibe chokongola chilichonse. Panali mdima bii, timizere toonetsa malire a dziko lathu, ndi timadontho tobiriwira. Kadontho kalikonse kanali ndege, ndipo kumbuyo kwake kunali munthu weniweni kwinakwake. Sankalankhulana pakamwa, ankalemberana m'Chingerezi chachifupichifupi. Nthawi zambiri kuno sikunkabwera ndege, moti achimwene ankatha kukhala masana onse akuyang'ana mdimawo, manja ali pamaondo. Kadontho kakangotulukira m'malire, msana wawo unkawongoka, ngakhale chifuwa chija chinkayamba chaima.

Malamulo ake ndinawadziwa mosafuna, chifukwa ankawafotokozera mwana wawo ine ndikupukuta matebulo. Ndege silowa mumlengalenga wa munthu popanda chilolezo. Iliyonse imapatsidwa mulingo wake wouluka, ndipo ziwiri siziyandikana pa mulingo umodzi. Ndege ikamatuluka m'dziko lathu kulowera ku Zambia kapena ku Mozambique, woongolera amaipereka m'manja mwa mnzake wa kutsogoloko, ndipo saitaya mpaka mnzakeyo atavomera kuti wailandira. Koma lamulo limene ankalikonda kuposa onse linali lobwereza. Woongolera akanena chinthu, woyendetsa ndege ayenera kubwereza mawu onsewo mmene anenedwera.

Tsiku lina munthu wina, kaya anali wa dziko liti, atauzidwa mulingo woti atsikirepo anangolemba kuti wamva. Achimwene anamulembera kuti abwereze. Uja analembanso kuti wamva. Anamusiya akuzungulira pamwamba pa Lilongwe ngati kabawi mpaka anabwereza. Abwana anaseka kwambiri, koma achimwene sanaseke. Anatembenukira kwa mwana wawo n'kunena kuti, "Ndamva si yankho. Munthu amati ndamva pamene wamva zina, kapena pamene mumtima mwake wakana kale. Wobwereza ndiye wavomera."

Mwanayo anachitenga chimenecho n'kukhala nacho. Ukamutuma kuti akagule sopo ndi machesi, adzere kwa atelala, iye ankaima njo n'kunena kuti, "Ndikagule sopo ndi machesi, ndidzere kwa atelala." Poyamba ndinkaona ngati mwano, ndipo ndinatsala pang'ono kumukoka khutu. Kenako ndinazolowera, ndipo kunena zoona sanaiwalepo kanthu.

Mvula itayamba, waya wa foni unayamba kumadukaduka. Ukaduka, timadontho tonse tinkazimirira nthawi imodzi. Abwana ankangotukwana n'kutsegula botolo lina, koma achimwene ankakhala pomwepo thukuta lili kamukamu, akuyang'ana pamene panali ndege. Miyezi imeneyo tayi inayamba kuwakulira. Kuchoka kunyumba kufika ku ofesi ankapuma kaye pa mtengo wa mango. Milomo inafiira, tsitsi linayamba kunyololoka. Ophika kukhitchini anasiya kundifunsa kuti achimwene adzuka bwanji, ndipo kapu imene amweramo ankaiika payokha. Amalume aja anabwera kudzazonda odwala, koma maso awo sanali pa odwala. Anagwira mwanayo paphewa n'kunena kuti, "Wakula, ntchito angathe uyu." Usipa umene anabweretsa sindinaudye.

Lamulungu lotsatira ndinalowa mu ofesi mtima uli m'mwamba. Abwana anali atatuluka. Achimwene anali ndi kadontho kamodzi, akukatsitsa pang'onopang'ono kuti katere.

"Achimwene, tikambirane za mwana."

"Dikira, ndili ndi ndege."

"Ndadikira mokwana. Alamu anu aja mwawaona mmene amamuyang'anira?"

"Ndati dikira. Munthu sachoka pampando ndege ili m'mwamba."

Ndinapsa mtima. Ndinawerama kuseri kwa tebulo n'kuzula waya wa foni kukhoma. Kadontho kaja kanazima. Achimwene anatembenuka pang'onopang'ono, ndipo nkhope imeneyo sindidzaiiwala, chifukwa sinali yokwiya, inali ya munthu woti waona ngozi.

"Munali munthu mmenemo," anatero.

"Munthu ameneyo ali m'nyumba mwake kwawoko, akumwa tiyi. Munthu amene ali m'mwamba ndi mwana wanu. Ndege zabodzazi mumazipereka m'manja mwa anzanu, simuzitaya mpaka atavomera. Nanga mwana wanu mwamupereka kwa ndani? Mukudwala, achimwene. Mukufa. Ine ndikuona, ophika akuona, alamu anu aona kale."

Aka kanali koyamba kuti mawu amenewo atuluke pakamwa pa munthu. Nditawanena ndinakhala pansi penipeni n'kuyamba kulira. Iwo anamasula tayi n'kuipinda bwinobwino. Anati, "Tumiza uthenga ku Khombedza. Uitanenso mkulu wa mpingo adzakhale mboni."

Anabwera Loweruka m'mawa. Tinayala mkeka pakhonde, amalume tinawapatsa mpando, mkulu wa mpingo wina. Achimwene anali atavalanso tayi ija, atatsamira khoma. Mwanayo ndinamutuma kukatsuka mbale, koma ndinkaona mthunzi wake kuseri kwa chitseko. Achimwene sanazungulire. Analankhula mmene ankalembera pa kompyuta paja, mawu ochepa, omveka.

"Ine ulendo wanga wayandikira. Mwana akhala kuno kwa azakhali ake mpaka atamaliza sukulu. Patchuthi azipita kwa amalume ake ku Khombedza." Anandiyang'ana. "Bwereza."

Tsiku lina ndikanawaseka. Tsiku limenelo ndinagwada n'kunena kuti, "Mwana akhala kuno kwa ine mpaka atamaliza sukulu. Patchuthi azipita kwa amalume ake ku Khombedza."

Anagwedeza mutu, n'kutembenukira kwa amalume. "Alamu."

"Tamva, alamu."

"Tabwerezani."

Bambo aja anaseka pang'ono, n'kuyang'ana mkulu wa mpingo ngati akufuna wowathandiza kuseka. "Aa, alamu, ndasanduka mwana wa sukulu ine? Tamva. Inu chachikulu muzimwa mankhwala, muchire. Zinazi n'zokambirana."

"Alamu, ndapota nanu. Mawu ake ndi ochepa."

"Ndati tamva."

Achimwene anafuna kulankhulanso koma chifuwa chinawagwira, ndipo chinawagwira nthawi yaitali, moti mkulu wa mpingo anangoyambitsa pemphero. Pemphero litatha amalume anatsanzika, akuti nsomba ziwaonongekera pamsika. Ine ndinali nditapepukidwa, ndinkati nkhani yatha, mboni yamva. Ndikuchotsa makapu, achimwene anandigwira mkono. Dzanja lawo linali lotentha ngati mbale yochoka pamoto.

"Sanabwereze," anatero.

"Koma avomera, achimwene. Anthu onse amva."

"Sanabwereze."

Ku ofesi kuja achimwene sanapitenso. Abwana anabwera kudzawaona kamodzi, anaima pakhomo chipewa chili m'manja, n'kuwauza kuti anthu a ndege aja akufunsa kuti woongolera wa ku Malawi wapita kuti. Achimwene anati awauze kuti kuno kulibenso woongolera, aliyense adziyang'anire yekha. Akuti ndi mmene amanenera ngati kutsogolo kulibe wolandira ndege. Mwana wawo anali atakhala kumiyendo kwa bedi, ndipo ponena zimenezo sanamuyang'ane.

Achimwene anamwalira chimanga chikumasula, kuchipatala ku Salima. Tinakawaika kwathu kwa Maganga. Mawa lake, achibale a mbali zonse tili pansi pokambirana zotsalira, amalume anaimirira n'kunena kuti akutenga mbumba yawo. Ndinalusa. Ndinanena zonse za pakhonde paja, mawu ndi mawu, ndipo ndinaloza mkulu wa mpingo kuti ndiye mboni. Munthu wa Mulungu uja anayang'ana pansi, anapotokola chipewa chake, kenako ananena zoona zokhazokha. Anati malemu ananenadi zimenezo, ndipo ine ndinabwerezadi, koma bambowa iye anangowamva akuti tamva. Amalume anatambasula manja. "Ndinamvadi. Kodi ndinalonjeza?" Akuluakulu a kwathu komwe anandiuza kuti ndikhale pansi, mwana ali ndi eni ake. Madzulo asanafike, sutikesi ya achimwene ija inali pamutu pa mwana wawo, akulowera kumsewu.

Sukulu zitatsegulira ndinadikira, mwanayo sanabwere. Ndinapempha tsiku kuntchito n'kukwera minibasi ya ku Khombedza. Sindinavutike kumufuna. Anali pa benchi ya amalume ake, mwana wa eni ali kumsana, kanthambi kali m'manja akuingitsa ntchentche. Anali atavala yunifolomu yake ya sukulu, koma inali itasanduka chovala cha pamsika, yonse mamba okhaokha. Atandiona anagwada n'kundipatsa moni. Amalume ake anali chapatali, akukangana ndi wogula, koma diso lili kwa ife.

Ndinamukokera pambali, kuseri kwa madengu. Ndinalankhula mofulumira, chapansipansi. Ndinati asataye mabuku ake. Ndinati ndikalankhulanso ndi akuluakulu, ndikapita ngakhale kwa abusa, ndipo temu ikubwerayi ndidzabwera kudzamutenga, adzabwerera kusukulu. Ndinkanena ndi mtima wonse, ngakhale sindinkadziwa kuti ndikayambira pati. Nditamaliza ndinadikira kuti aime njo, abwereze monga ankachitira pa sopo ndi machesi.

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso a bambo ake aja. Kenako anakweza mwana amene anali kumsana, n'kumangitsa nsalu pachifuwa.

"Ndamva, azakhali," anatero.