Paini wa Vibungu

Mu Mzuzu muno palibe wogulitsa amene angandipusitse. Ndinakulira mumsika wa ku Limbe ine, kunenerera ndinachita kuyamwira.

Lolemba ndinapita ku Kaning'ina kukagula mbande za paini, zoti ndiwonjezere pa mzere umene mkazi wanga, mayi a Tiwonge, anadzala kumpanda kwathu ku Ching'ambo. Mitengo imeneyo amaisamala ngati ana. Akuti ndi matabwa a denga la Tiwonge akadzakula.

Nditanenerera mpaka mayi wogulitsayo kupukusa mutu, ndinaona mbande zina ataziika padera, kuseri kwa ndowa.

"Basela wanga akhale izo, mama."

"Yayi adada, izo zili na vibungu."

Vibungu? Sindinafunse. Katswiri angafunse pagulu? Mumtima ndinati umenewu ndi mtundu wapamwamba, akusungira makasitomala awo. Ndinakakamira mpaka anandipatsa, akuseka chogwira m'mimba.

"Yewo chomene," ndinatero, chifuwa patsogolo.

Kunyumba ndinazidzala pakati penipeni pa mitengo ya mayi. Iwo pochokera kuntchito ndinawachingamira pageti.

"Mayi a Tiwonge, bwerani muone. Paini wa vibungu. Sapezeka wamba."

"Wa vichi?"

Chikwama chinagwa pansi, iwo liwiro kumpanda.

Vibungu, abale anga, m'Chitumbuka ndi mbozi. Tinapeza timbozi tobiriwira, ana a timagulugufe totuwa tija, tikudya masamba onga singano aja. Tina tinali titawolokera kale pa mitengo ya mayi.

"Bambo a Tiwonge, anthu amagula mankhwala, inu mwakagula matenda?"

"Sindinagule, mayi. Anali basela."

"Tolani!"

Tinatola kamodzikamodzi n'kumaponyera nkhuku. Basela wanga ndinazula ndekha n'kutentha. Sabata yonseyi m'mawa uliwonse ndakhala ndikuyendera nthambi ndi nthambi, mayi ali kumbuyo, manja m'chiuno. Dzulo sitinapeze kalikonse. Nsonga zikuphuka, denga la Tiwonge lilipo, ndipo tiyi wanga wayambanso kubwera ndi shuga. Ndapuma.

Koma tinene zoona, obwerafe tili ndi vuto. Timakhala mumzinda uno zaka, Chitumbuka chathu n'kuthera pa "yewo". Kuchipatala timagwedeza mutu, pamaliro timagwedeza mutu, osamva kanthu. Kunena kuti "sindinamve, bwerezani" kumatilemera chifukwa chiyani? Mayi wogulitsa uja sanandibisire. Anandichenjeza masana dzuwa likuswa mtengo, ine n'kumuthokoza.

Ndiye tandiuzani, anapambana ndani: ine, mayi wa mbande uja, kapena nkhuku zathu zimene mpaka lero zikumanditsatira kumpanda?