Mphasa ya m'chigafa

"Kodi mphasa ija ya m'chigafa simuichotsa, amake mwana?" anandifunsa mayi woyandikana nafe, fodya titagulitsa kale. Ndinangoti ndichotsa mawa.

Amayi anga atawabweza kuchipatala kuti akadikirire kunyumba, anakana kugona m'chipinda masana. Ankati mukununkha matenda. Inali nyengo yosoka fodya, ndiye ndinawayalira m'chigafa momwemo, pafupi ndi pomwe ndinkakhala ndi singano, mwana ali kumbuyo. Ndikasoka pang'ono ndinkaima, n'kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda, n'kuwanyowetsa milomo ndi kansalu. Phala ankangolawa, koma maso anali akuthwabe.

"Iwe, wapanikiza masambawo, awola," ankatero chapansipansi. Ndinkamasula n'kuyambiranso, ngakhale ndikudziwa kuti ndasoka bwino, bola andilankhulenso.

Kumunda masamba ankapsera m'mizere, wothyola palibe, chifukwa sindinkafuna kuti mpweya uwathere ali okha. Unawathera ndili pompo, dzanja lawo lili pachitenje changa.

Mpaka lero ndikamasoka, nthawi zina ndimapanikiza dala n'kukhala chete, kumvetsera.

Chaka chimenecho tinataya fodya wa m'munda wakumtunda, mtedza umene unamerera m'nthaka osakumbidwa, ndi amayi.