Mikanda pa Khosi la Bisiketi

Ndikukumbukira fungo la khola lija: udzu wouma, ndowe, ndi sopo amene tinkasambitsira mahatchi. Linali kupitirira Crumlin, potsika basi n'kuyenda pang'ono. Ndinali ndi zaka 12. Ine ndi amayi tinali titakhala ku Dublin zaka ziwiri, tikudikira mapepala otilola kukhala m'dzikomo.

Mwini khola anali a Dermot, bambo wosalankhulalankhula. Loweruka ndinkawapalira ndowe, iwo n'kumandilola kukwera Bisiketi, kahatchi kofiirira kokonda kuluma matumba a jekete. Chaka chimenecho anandilembetsa mpikisano wa ana, pa bwalo la kuseri kwa kholalo. Unali woyamba kwa ine. Anati hatchi isambe, ziboda zipakidwe mafuta, tsitsi la pakhosi lilukidwe.

Zolukazo ndinakazinena kunyumba. Amayi ankaluka azimayi tsitsi m'kachipinda ka kuseri kwa shopu ina ku Moore Street. Atamva anaseka.

"Ndiye akakulukire mzungu ine ndilipo?"

Hatchi ankaiopa. Komabe m'mawa wa tsikulo tinakwera limodzi basi yoyamba, iwo atanyamula chipeso ndi kabotolo ka mikanda. Kunkazizira. Anaima pa ndowa yovundikira, zala zitauma, n'kumalankhula ndi Bisiketi ngati kasitomala.

"Khazikika mayi iwe. Ukagwedeza mutu ndikukoka."

Panatha maola awiri. Analuka mizere yopyapyala, yogona, yokhotakhota kutsika ndi khosi. Kumapeto anaika mikanda yofiira ndi yobiriwira. Ntchito yokongola choncho sindinaionenso. Anapukuta manja pa chitenje n'kupita kukakhala pa benchi ya oonerera.

Nditatulutsa hatchi m'pamene ndinaona za anzanga. Tsitsi la mahatchi awo onse linali timfundo tozungulira, tofanana, tosokedwa ndi ulusi. Mtsikana wina analoza Bisiketi. Anzake anaseka. Palibe amene ananena kuti mikanda n'njoletsedwa. A Dermot anayang'ana khosilo nthawi yaitali, n'kuti, "Zili kwa iwe."

Ndinabwerera m'khola. Ndinamasula zonse ndi msomali, mwachangu. Mikanda inkagwera mu udzu, sindinatole. Ndinalowa m'bwalo tsitsi la hatchi lili nyankhalala.

Amayi anali ataimirira kuti aone bwino. Ndinawaona akuyang'ana khosi la Bisiketi. Kenako anakhala pansi. Nditamaliza anaomba m'manja ngati ena onse. Sindinapambane. Oweruza anandipatsa kansalu ka riboni kamene amapatsa mwana aliyense.

M'basi amayi sanandifunse kanthu. Anangoti, "Unakhala bwino pamsana paja, mwana wanga." Ine ndinayang'ana panja.

Chaka chotsatira anayamba kudwala. Zala zinasiya kugwira chipeso. Sukulu ndinkangojomba, mpaka ndinalekeratu. Anamwalira ndili ndi zaka 15. Za tsiku lija sitinakambiranepo, ndipo sindinawapepese.

Lero ndimagwira ntchito m'khola lina kumpoto kwa Dublin. Zinthu zinasintha. Ana a kwathu okwera mahatchi alipo, palibe amawacheukira. Ena amaluka mahatchi awo mitundumitundu, amajambula pa foni, anthu n'kumayamikira. Ine ndimaluka timfundo tomwe oweruza amafuna, ndipo ndimatha. Mizere yogona sindiidziwa. Sindinawapemphe amayi kuti andiphunzitse.